Kadi ya Mafani Atatu

Lachiwiri, 8 Ogasiti 2023

Wabwera! Timothy wabwera, mwana wa achimwene anga, malemu a Levison. Chikwama kumsana, katoni pamutu ngati mzimayi wochokera kuchigayo. Ine ndinali pabenchi panga ndikuunjika tomato. Kungomuona chonchi, tomato yense pansi. Nthungululu mpaka anzanga a Lines a benchi ya pafupi anadzidzimuka, amvekere, "Kodi aNankhoma, mwapenga?"

Ndapengadi.

Nkhope ya bambo ake yeniyeni. Kampata ka m'mano komweko. Ndevu zayamba kale, abale inu.

Chimwalirireni achimwene, ana onse anapita ndi amayi awo ku Kabudula. Ndi mwambo, mwana ndi wakuchikazi. Zakhali ulibe mawu. Umangomuona pamaliro, kumugawira chinangwa, basi. Wangawanga Mulungu sanandipatse. Ndiye lero munthu akuti, "Azakhali, ndikhala nawo kuno ku Nsaru, kwanu kuno kuli magetsi." Kaya watsata magetsi kaya watsata ine, ndilibe nazo kanthu. Wabwera.

Makala ndatulutsa pakhonde, chipinda chija ndi chake tsopano. Nkhuku yoikira ija ndapha. Mazira tidzaona.

Lachisanu, 11 Ogasiti

Mukatoni muja muli kompyuta. Koma osati yonse. Zidutswa.

Akuti yathunthu ya m'shopu ndi ya mabwana. Osauka amagula chimodzichimodzi monga timangira nyumba, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata. Panopa ali ndi chibokosi chakuda chopanda kanthu m'kati, sikirini yong'aluka pakona, ndi kabolodi kokhala ngati mudzi ukamauonera paphiri, timisewu, tinyumba. Dzina lake mazabodi. Zonse ndi zogwira kale kwa ena. Kaunjika wa makompyuta. Anazipeza ndi ganyu woumba njerwa.

Ntchito yake ndiye yandiseketsa. Iye azisewera magemu, anthu azimuonera pafoni zawo, akuti laivu. Ndinati nanga ndani angasiye ntchito n'kumaonera mnzake akusewera? Iye, "Azakhali, pabawo paja pa sitolo osewera amakhala awiri. Nanga oimirira?" Zoona, amuna amatha tsiku pamenepaja mabasiketi a akazi awo ali m'manja. Akuti oonerawo akachuluka amaponya kangachepe. Anayamba kale ndi foni, alipo omutsata, koma foniyo imatentha ngati mbatata yootcha n'kuzima.

Tomato sakuyenda. Sopo wakwera. Koma m'nyumba muno muli munthu wotsokomola m'mawa.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Tsiku loipa.

Kuchokera ku Misa ndapeza njinga yamoto pabwalo. A Rodwell, amalume ake a Timothy, mchimwene wa amayi ake. Madzi akumwa anakana. Mpando anakhala theka.

Amupezera malo ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Utenanti. Lole yotenga anthu idutsa kumayambiriro a Okotobala, akapeze nazale.

Achimwene a Levison anapita ndi lole yotereyi. Anaima pakhomo pompano, chipewa m'manja, "Felesita, ndikagulitsa fodya ndibwera." Anabweradi ndi lole, atagona kumbuyo pamphasa, chifuwa chitawatha. Timothy anali asanayambe sukulu.

Ndinawakumbutsa a Rodwell zimenezi. Iwo, "Mlamu, mbumba ndi yanga. Munthu wa ndevu azidya zidole? Amayi ake kumudzi alibe feteleza." Pa feteleza sakunama, nchifukwa chake zikupweteka.

Timothy anagwada, anapempha nthawi. Anakambirana mpaka mthunzi unasuntha. Mapeto ake: pa 1 Okotobala a Rodwell abweranso. Aone ndi maso awo chinthucho chikuseweredwa, anthu akuonera. Apo ayi, lole.

Ponyamuka anasuzumira m'chibokosi chopanda kanthu chija. "Ndidzaone chinthu cha amuna, osati tizitsulo ta pamtaya."

Ndapemphera kolona yonse. Mutu ukuwawa.

Lachinayi, 31 Ogasiti

Mwanayu sakupuma. M'mawa kukatunga madzi kwa omanga, masana kusenza matumba a soya kwa mavenda. Madzulo pafoni, kusankha zidutswa, kufunsa mitengo, kupukusa mutu.

Wapita ku tauni kawiri. Wabwera ndi pulosesa, kanthu kochepa ngati bokosi la machesi, akuti ndiwo ubongo wake. Ndinafuna kukagwira, anakuwa, "Osakhudza kunsiko azakhali!" Ngati khanda la lero. Ndiye timitengo tiwiri tobiriwira totchedwa ramu. Amafuna kamodzi kakakulu, koma a Ignatius okonza mafoni pamsika anamuuza kuti tiwiri tating'ono timathamanga bwino. Anatsutsana tsiku lonse. Ine ndimangowathira tiyi wopanda shuga.

Magetsi amitundumitundu okongoletsa m'kati wawasiya. Mpando wa kumsana wasiya, akhala pa ndowa. Kamera ikhala foni yomweyo, aimangirira ku nsungwi.

Kabokosi kogawa magetsi wagula kakang'ono. A Ignatius anang'ung'udza. Iye akuti kakwana, chifukwa zonse anazisankha zolingana. "Zili ngati ng'ombe za pangolo, azakhali. Simungamange chimphona ndi kamwana." Ndinavomera ee, ee. Mwana wanzeru ngati bambo ake.

Wawonda. Kolala ya malaya ikulendewera. Ndamugulira bonya, wandikalipira kuti ndikuononga mpamba.

Loweruka, 9 Sepitembala

Yayaka! Ambuye Yesu, yayaka!

Anadina kabatani, kunamveka fuuu, sikirini n'kulemba zizungu. Ndinavina ndi chitenje m'manja mpaka kumsewu. A Lines anabwera, ana a pa renti yapafupi anadzaza zenera. Ndinawauza onse kuti waimanga yekha, ndi manja ake, mwana wa kwathu.

Iye osasangalala kwambiri. Anayatsa gemu ya asilikali. Msilikali wake kuyenda ngati nkhalamba ya nyamakazi, phazi limodzi, kuima, linanso. Akuti chatsala chimodzi, kadi ya zithunzi. Popanda imeneyo palibe gemu, palibe laivu.

Anandionetsa pafoni imene wasankha. Ili kwa mnzake Andrew ku Kawale, akumusungira. Mayo ine. Kakang'ono, kopyapyala, kafani kamodzi. Ngati kachidutswa ka sopo. Ndinati kameneka ndiye kakakhutiritse a Rodwell? Anaseka, n'kundionetsa ina. Chinthu chachitali, chakuda, mafani atatu. "Iyi ndiye ya akatswiri, azakhali. Ife sitingafikeko." Anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. Ndinamuona. Maso a mwana poyang'ana nsapato za Khirisimasi za mnzake.

Ndalama ya kadi watsala pang'ono kukwanitsa. Wandipatsa ine kuti ndisunge, akuti kwa iye ithera mabandulo. Ine! Sanapatse amayi ake, sanapatse amalume ake. Ndaimanga m'kansalu, ndaikwirira mu ufa.

Lolemba, 18 Sepitembala

Timothy wapita ku Kabudula kukathandiza amayi ake kufolera nyumba. Abwera Lachinayi. Ndalama yakwana. Loweruka akatenga kadi kwa Andrew.

Nyumba zii. Ndasesa chipinda chake kawiri.

Sindikupeza mtendere ndi kakadi kaja. Ndinawafotokozera a Lines. Iwo akuti, "A Rodwell aja ndimawadziwa, amaona ndi maso. Ukawapatsa nkhuku amayamba aikweza m'manja." Ndi momwemo. Mawu aja a tizitsulo ta pamtaya akungolira m'khutu.

Ndiye ndaganiza. Ndili ndi mbuzi. Imodzi yomweyo, yathazi, ya bere. Ndimaisungira maliro anga, kuti anthu asadzadye masamba okha. Koma maliro ndi chani? Wakufa sadya.

Ndaitana mnyamata wa kanyenya. Wandidyera, ndikudziwa, ya bere siigula choncho. Inalira mpaka pa msika. Sindinatuluke.

Ndikaphatikiza ndi ya mu ufa ija. Mwana wa Levison asewere ngati akatswiri. Ndikungoseka ndekha. Adzati bwanji akaiona!

Lachitatu, 20 Sepitembala

Ndapita, ndabwera, ndili nayo! Ili pansi pa pilo panga.

Minibasi yoyamba. Ndalama m'chiuno, chitenje chachiwiri pamwamba. Ku tauni ndinali ndisanapiteko chimwalirireni amuna anga. Anthu ngati nyerere. M'mashopu a magalasi ndinalowa muwiri, atsikana ake kundiyang'ana kuyambira kumapazi. Mtengo umene ananena, ndinayesa akugulitsa nyumba.

Ndikutuluka, mnyamata wina waulemu, tayi pakhosi, "Amayi, mukufuna chani?" Ndinati kadi ya zithunzi ya mafani atatu. Ananditengera pakhonde lina kuseri kwa depoti. Katebulo, mawaya, mafoni akufa. Anatulutsa zitatu.

Ine kugula ndimadziwa, pamsika ndakulirapo. Dzungu timagogoda. Nkhuku timakweza. Poto timaona kukhuthala. Ndinazikweza zonse, iyi dzanja ili, iyo dzanja ilo. Ziwiri zopepuka ngati chigubu. Yachitatu, eee! Dzanja kutsika lokha. Chitsulo chenicheni, mapaipi a kopa m'kati. Ndinainunkhiza, kafungo ka utsi pang'ono, iye akuti ndi fungo la fakitale. Ndinati iyatseni ndione, sindine mwana. Anatenga batire ndi tiwaya, kukhudzitsa. Mafani onse atatu fuuu, mphepo mpaka kumaso kwanga. Ndinakuwa pakati pa tauni.

Ndinanenerera mtengo mpaka anagwira mutu. "Amayi inu mwandipha, ndangokuonani ngati mayi anga." Anandisiyira ya minibasi yokha. Anandikulungira m'nyuzi.

Njira yonse ili pachifuwa ngati mwana. Kondakitala amati ikani pansi, ndinakana. Sindinadye kanthu, njala sindikuimva.

Mawa, mawa. Ndaphika thobwa.

Lachinayi, 21 Sepitembala

Anafika dzuwa likupendeka, udzu m'tsitsi. Ndinamukhazika pa ndowa yake, ndinati tseka maso. Ndinamuika pamiyendo.

Anatsegula nyuzi.

Anaitembenuza. Anainunkhiza. Anayang'ana timabowo ta pamwamba, n'kuyang'ana mawaya a kabokosi kake ka magetsi. Anaiyerekeza pa chibokosi. Yatalika, siikulowa, yatsala ngati chikhatho.

"Mwaigula ndi chani, azakhali?"

Ndinamuuza zonse ndikuseka, za mbuzi, za kukweza m'manja, za mnyamata wa tayi. Anafunsa ya mu ufa ija. Ndinati ili momwemo, m'chitsulomo.

Anagwira pakamwa. Kenaka, "Zikomo azakhali. Ndi yaikuludi."

Thobwa sanamwe. Watopa ndi kufolera, eti. Ndi ntchito yowawa msana.

Loweruka, 23 Sepitembala

Tinapita tonse ku tauni. Akuti tikangofunsa zina kwa wogulitsa uja. Ya minibasi ndinatapa pa mpamba wa tomato.

Khonde ndinalipeza, sindinasokere. Chipilala chomwecho chothyoka. Koma pali mzimayi wogulitsa masilipasi. Akuti wakhala pamenepo chaka chonse, Lachitatu lokha anali ku maliro. Wa tayi samudziwa. Oyandikana nawo samudziwa. Wina anaseka, mnzake anamugunda ndi chigongono.

Tinazungulira depoti mpaka mapazi kutupa. Aliyense wa tayi ndimamuthamangira.

Timothy anamuimbira Andrew. Ndinamva akuti, "Ingogulitsa aise, usandidikire." Kakadi kakang'ono kaja. Kamene ndinakanyoza.

Tinakwera minibasi yobwerera. Pa Mpingu anandigulira nthochi. Ine ndi amene ndimayenera kumugulira.

Lachiwiri, 26 Sepitembala

Dzulo anapita nayo kwa a Ignatius, ali ndi kompyuta yaikulu yojambulira nyimbo. Pobwera anati, "Ndi yabwino azakhali, kungoti ikufuna magetsi amphamvu kuposa athuwa. Tidzaigwiritsa ntchito m'tsogolo." Mtima unakhala pansi. Ndinagona bwino.

Lero pabenchi a Lines osandiyang'ana kumaso. Ndinawakakamiza. Akuti a Ignatius auza akazi awo, akazi awo auza iwo. Inapsa kalekale. M'kati ndi makala. Mafani okha ndi amoyo, ndipo mafani amazungulira ngakhale pa batire ya wailesi.

Tomato ndinamusiya pompo.

Ndinamufunsa Timothy maso ndi maso. Iye, "A Ignatius ndi a mafoni, za makadi sazidziwa." Akunena akuyang'ana pansi. Bambo ake ankanamanso choncho, akuyang'ana zala za kumapazi.

Ndinati tichotse malata a kukhitchini tigulitse. Wakana, mvula ili pafupi. Ndinati wailesi, ndowa, bedi. Akuti zonsezo sizingafike, ndipo ya Andrew yapita kale. Ndinapita kwa wa kanyenya, kaya ndimakatani. Chikopa chili pa mpanda, chauma.

Ng'ombe za pangolo. Anandiuza ndithu. Ndinati ee, ee.

Lamulungu, 1 Okotobala

Ku Misa sindinamve ngakhale mawu amodzi.

A Rodwell anafika masana. Lero madzi anamwa. Timothy anakonza zonse bwinobwino, foni pa nsungwi, malaya oyera. Anayatsa popanda kadi. Anapereka moni kwa anthu ake a pafoni, mawu ake okoma ngati wa pa wailesi, nthabwala, ine mpaka kunyadira. Analipo oonera, mayina awo amatuluka m'mbali. Gemu itayamba, msilikali uja phazi limodzi, kuima. Chithunzi kuuma. Kuyenda, kuuma. Amuwombera ataima. Mayina aja anayamba kuchoka limodzilimodzi ngati anthu pa msonkhano wopanda chakudya. Wina analemba zoseka, Timothy anaphimba ndi chala.

A Rodwell sanaseke. Bola akanaseka.

Anaona kadi yanga pawindo. Anaitenga, kuikweza m'manja, kuitsitsa, kuikwezanso. "Iyi ndiye ikuoneka ya ndalama. Bwanji osaikamo imeneyi?"

Ndisanatsegule pakamwa, Timothy, "Ndi yakufa, amalume. Ndinagula ndine, anandipusitsa."

Ayi. Zimenezo ayi. Ndinagwada pa simenti pomwepo. Ndinati alamu, mwanayu anasankha bwino, chilichonse anayeza, ndalama anasunga, wolakwa ndine. Mupatseni mpaka Khirisimasi. Ndinagwira nsapato zawo, ine mzimayi wamkulu.

Anandidzutsa mwaulemu ndithu. "Mwaona mlamu? Nchifukwa chake mwana amaleredwa kwawo."

Lole ndi Loweruka m'mawa, pa sitolo.

Lachinayi, 5 Okotobala

Kutentha. Mitambo ikusonkhana n'kubalalika.

Ndamuchapira zonse. Ndakazinga chimanga ndi nsinjiro, ndamusokera thumba la bulangete. Bulangete ndi langa, iye sakudziwa. Ndagula mankhwala a chifuwa ku golosale, ndabisa m'sokosi.

Iye tsiku lonse ali ndi sowo ya a Ignatius, kucheka chibokosi chake chakuda. Ndimayesa wakwiya, akuphwanya. Ayi. Wacheka kutsogolo kuti kadi yanga ilowe. Yalowa, mchira uli panja. Walumikiza tiwaya ku mafani.

Anandiitana. Anagwira chala changa n'kudinitsa kabatani. Fuuu. Onse atatu.

"Mwaona azakhali? Yalowa. Muziyatsa kamodzikamodzi, mphemvu zingamangemo."

Ndinaseka, iyenso anaseka, kampata ka m'mano kaja. Tinakhala pansi tonse mphepo ikutiomba kumaso. Kunja kotentha chonchi, ife tili pa mphepo ngati mabwana. Ndinati bola ndinagula fani yabwino. Anaseka mpaka misozi. Kaya inali ya kuseka.

Sakuitenga. Ku esiteti kulibe magetsi. Akuti ikhale kuno, kwa ine. Kuno ndiye kwake kwa kompyuta. Ndiye kuti adzabwera kuno, eti? Osati ku Kabudula. Kuno.

Loweruka, 7 Okotobala

Lole inabwera yodzaza kale. Amuna, akazi, ana, mapoto, mbuzi ya wina. Ena akuchokera kutali, chiyankhulo chawo china. A Rodwell analipo, amayi a Timothy, a Getrude, analipo. Ine ndinaima kumbuyo, malo a zakhali.

Anatsanzika onse, n'kubwera kwa ine. Chipewa m'manja. Ndani anamuphunzitsa kugwira chipewa choncho? Anayamba, "Azakhali, ndikagulitsa fodya..." Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja langa. Anthu anadabwa. Ndinati nena zina, zilizonse, zimenezo ayi. Anaganiza, n'kunena, "Musaiwale kuphimba sikirini, fumbi."

Anakhala pamwamba pa matumba. Fumbi linamubisa asanafike pa chigayo.

Tomato sindinayale. A Lines anabwera ndi phala, lili pompo.

Makala sindibwezamo m'chipinda muja. Anyowe pakhonde. Mphasa yake ndasiya choyala. Fodya amagulitsa mwezi wa Epulo, Meyi, si kutali. Mnyamata ndi wamphamvu, si ngati achimwene, iwo anapita akutsokomola kale. Adzabwera ndi ndalama, adzasankha yekha, ine sindidzakhudza kanthu, ndidzangothira tiyi. Ndidzavina mpaka kumsewu.

Sikirini ndaphimba ndi chitenje changa cha Chikatolika.

Ndadina kabatani. Akuzungulira ndithu, onse atatu, palibe wotsalira. Mphepo yake yozizira bwino. Ndaika dzanja pamenepo. A Ignatius anene zawo, koma chinthu chikupuma chonchi munthu unganene bwanji kuti chafa?